Ana Osiidwa: chimbale choiwalika chomwe chikadalasabe mtima

Amalawi ndi nyimbo za country adapalana ubwenzi kalekale. Lamulungu m'mawa mukamayenda m'makwalala a ku Chilomoni, Bangwe kapena Ndirande, sizachilendo kumva mawu a Jim Reeves, Don Williams kaya Dolly Parton akutuluka pawindo la nyumba ina.

Ambiri mwa okonda chambachi sanapondeko ku Nashville m'dziko la America komwe nyimbozi zidakhazikika, ndipo ena Chingerezi chake sachimva chonse. Chomwe chimawakoka ndi mawu odekha, gitala wosaphokosera komanso nkhani za anthu wamba: umphawi, kusiyidwa, imfa ndi kupukwa kumudzi.

Koma kodi ndi angati akudziwa kuti kuno kwathu kuli chimbale chomwe chili ndi zonsezi, m'chiyankhulo chathu chomwe?

Chimbalecho ndi Ana Osiidwa cha malemu Alan Namoko ndi gulu lake la Chimvu River Jazz Band. Chidatuluka m'chaka cha 1992 kudzera ku kampani ya Pamtondo, yomwe adayambitsa Dr John Lwanda, dokotala wa Chimalawi wokhala ku Scotland.

Namoko adabadwa m'chaka cha 1956 m'boma la Thyolo ndipo adali wosaona. Ankayimba m'Chichewa ndi m'Chilomwe, uku akukhwatcha banjo kapena gitala, anzake akuthira mang'ombe ndi kuwomba ng'oma zopanga okha. Adatchuka m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 pomwe wayilesi ya MBC, yomwe idali yokhayo m'dziko muno, inkaulutsa nyimbo zake monga Lameki ndi Achilekwa.

Zoona, Namoko sankavala chipewa cha akawuboyi. Komabe ubale wake ndi country ngoonekeratu. Banjo, chida chomwe ambiri amayesa n'cha azungu, gwero lake ndi kuno ku Africa. Akapolo ochokera kuzambwe kwa Africa ndiwo adapita ndi luso lopanga chidachi kutsidya la nyanja. Patapita zaka chidafika kwathu kuno, ndipo anyamata a m'midzi adayamba kuchikhoma okha ndi zigubu za mafuta, thabwa ndi mawaya.

Nanga n'chiyani chimapangitsa kuti munthu akhale chete chimbalechi chikamalira?

Choyamba ndi liwu la mwini wake. Silidapakidwe mafuta ndi makina a mu situdiyo. Limatuluka lokandapala, pena lokwera ngati la munthu woitana mnzake kutsidya la mtsinje. Womvera amakhulupirira kuti woyimbayo akunena zomwe adaziwawa yekha.

Chachiwiri ndi kusemphana kwa zoyimbira ndi uthenga. Ng'oma ndi zingwe zimathamanga moti mwendo umagwedezeka wokha, koma mawu ake ali pa umasiye ndi mavuto a m'banja. Ndi momwenso Amalawi timachitira pasiwa: kuyimba mokweza usiku wonse mitima ikuwawa.

Chachitatu ndi nthawi yomwe chimbalechi chidatulukira. M'chaka cha 1992 kudagwa chilala choopsa kummwera kwa Africa konse. Matenda a Edzi, omwe adapezeka koyamba m'dziko muno mu 1985, adali atayamba kupulula makolo, ana n'kumatsala m'manja mwa agogo. Kwa aliyense amene adakula nthawi imeneyo, mutu wa chimbalewo pawokha ngokwanira kukumbutsa nkhope za abale omwe adatsikira kulichete.

Namoko naye sadakhalitse. Adamwalira mu 1995 asanakwanitse zaka 40, patangotha zaka zitatu chimbalechi chitulukireni.

Apa ndiye pagona nkhawa. Kale munthu ankatsika basi mu Limbe n'kukagula kaseti kwa O.G. Issa kapena pabenchi mumsika. Lero makaseti adatha, nyimbo zikuyenda pa foni ndi pa intaneti. Anyamata oika nyimbo m'mafoni mumsika wa Blantyre ndi Limbe amatsogoza zomwe zavuta sabata imeneyo, ndipo mwana wobadwa m'zaka za 2000 atha kukula osadziwa kuti ku Thyolo kudali katakwe wotere.

Chodabwitsa n'chakuti anthu akunja akufunafuna nyimbo za mtundu womwewu. Gulu la Malawi Mouse Boys lidatulutsa chimbale chake choyamba kunja mu 2012, ndipo chimbale cha akaidi ndi asilikali a ndende ya Zomba chidalowa pamndandanda wopikisana nawo pa mphotho za Grammy mu 2016. Onsewa adakopa dziko ndi zida zosavuta komanso mawu ochokera pansi pa mtima, njira yomwe Namoko adalambula kale.

Akuluakulu adati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Mawayilesi athu, omwe tsopano achuluka ngati mchenga, akamapereka ola lathunthu kwa Don Williams, angalephere bwanji kupatula mphindi khumi za Namoko? Bungwe la Cosoma nalo, lomwe lidakhazikitsidwa m'chaka chomwecho cha 1992 kuti liziteteza ntchito za aluso, lili ndi udindo woonetsetsa kuti nyimbozi zikamaseweredwa, kangachepe kazifika kwa abale omwe mkuluyu adasiya.

Apo ayi, nyimbo za woyimba yemwe ankalirira ana amasiye zidzasanduka zamasiye nazonso.