Musagule injini ya bwato musanaipime

Zina mwa nsomba zimene timagula pa Soweto Market zimacokera ku Kafue Flats, ku Itezhi-Tezhi ndi ku Siavonga, ndipo ena mwa eni mabwato a kumeneko amakhala muno m'makomboni: Kanyama, Chawama, George ndi Matero. Wina anaikamo ndalama za penshoni, wina za cilimba, nagula injini ya salaula ya Yamaha Enduro n'kuitumiza ku doko la Chanyanya. Patapita miyezi iwiri, foni yalira: injini ikuvuta kuliza, ilibe mphamvu, bwato likadzaza katundu silikuyenda.

Apa ndi pamene ndalama zimathera. Lero makanika asintha mapulagi, mawa atsuka kabuleta, mkuja afuna koilo yatsopano. Koma kawiri-kawiri matenda amakhala mkati mwa silinda. Pisitoni ikamakwera iyenera kupanikiza kolimba mpweya ndi petulo kuti moto wa pulagi uziphulitse. Kupanikiza kumeneku ndiko amakanika amati kompuleshoni. Mpweya ukamathawira pambali, palibe pulagi yatsopano imene ingathandize.

Kupima sikutenga ngakhale theka la ola, ndipo geji yake amakanika ambiri a magalimoto ali nayo. Coyamba imikani mwendo wa injini mu dilamu ya madzi, muilize kuti itenthe pang'ono. Musailize pouma ai, cifukwa impela, kamphira kopopa madzi oziziritsa, imapsa mphindi isanathe. Mukazima, cotsani mapulagi onse ndiponso kacingwe kozimitsira injini kuti moto usatuluke. Mangani geji pa bowo la pulagi, tsegulani thirotolo yonse, ndipo kokani cingwe kanai kapena kasanu kufikira muvi waleka kukwera. Lembani nambala, mucite cimodzimodzi pa silinda inayo.

Injini zazing'ono za two-stroke zikakhala bwino zimaonetsa pakati pa 100 ndi 130 psi. Pansi pa 90 pali vuto. Koma cacikulu kweni-kweni ndi kufanana kwa masilinda. Ngati ina yaonetsa 120 ina 115, palibe codetsa nkhawa. Ngati ina 120 ina 85, silinda yaciwiriyo ikudwala, ngakhale injiniyo ikulira bwino pamtunda.

Kuti mudziwe pamene mpweya ukuthawira, thirani kasupuni kamodzi ka oilo m'silinda yofookayo, mupimenso. Nambala ikakwera kwambiri, ndiye kuti maring'i atha kapena amatirira, mwinanso khoma la silinda lakandika. Ikapanda kusintha, ganizirani gasketi ya kumutu kapena pisitoni yobooka. Masilinda awiri oyandikana akatsika pamodzi, kapena pulagi ikatuluka yoyera ngati yotsukidwa, ili ndi timadontho ta madzi, gasketi yapsa. Gasketi ndi nchito yaing'ono. Silinda yokandika imafuna kuboola kwatsopano ndi pisitoni ina, ndipo pa injini yokalamba mtengo wake ungakuthetseni mpamba.

Nanga cimapha kompuleshoni n'ciani? Coyamba ndi oilo. Anyamata a pabwato amathira oilo ya galimoto m'petulo poti ndi yochipa, koma imasiya mwaye umene umamata maring'i. Injini zambiri zotere zimafuna oilo ya two-stroke, lita imodzi pa malita 50 a petulo, ndiye kuti 400 ml pa cigubu ca malita 20. Onani buku la injini yanu kuti mutsimikize muyeso. Caciwiri ndi kutentha. Udzu wa m'madzi uja amati Kafue weed ndiponso mapulasitiki amatseka polowera madzi. Woyendetsa aziyang'ana kamadzi kotuluka kumbuyo kwa injini. Kakaleka, azime pomwepo.

Boma limaletsa kugwira nsomba ku Kafue kuyambira pa 1 Disemba kufikira kumapeto kwa Febuluwale. Imeneyo ndiyo nthawi yobweretsa injini ku Lusaka kuti ipimidwe, osati kudikira kuti ikazimire anthu pakati pa mtsinje, pamene pali mvuu ndi ng'ona.

Ndipo inu amene mufuna kugula, musakopeke ndi penti yatsopano. Akulu anati cikomekome ca nkhuyu, mkati muli nyerere. Pitani ndi geji, ndipo wogulitsa akakana kuti mupime, bwezani ndalama zanu m'thumba.