MASEWERO A KU BRITAIN AMENE ANASEKETSA ENA NDI KUPWETEKA ENA

Anthu a ku Britain akali kukumbukira masewero a pa wailesi ya kanema a m'zaka za m'ma 1970, koma si onse amene amawakumbukira ndi cimwemwe.

Sewero la Love Thy Neighbour, limene linayamba mu 1972, linali la mzungu wina, Eddie Booth, amene anaipidwa pamene banja la anthu akuda linadzakhala moyandikana naye. Mlungu ndi mlungu amuna awiriwo anali kunyozana za khungu lao, ndipo anthu miyandamiyanda anali kuseka. Pambuyo pace anthu akuda ena anasimba kuti maina onyozawo anali kuwalondola mpaka kusukulu.

Coipa koposa cinali The Black and White Minstrel Show, m'mene azungu anali kuimba atadzola nkhope zao zakuda bii. Dandaulo linaperekedwa ku BBC mu 1967, koma masewerowo anapitirirabe kufikira 1978.

Limene ambiri amalitama ndi Fawlty Towers, m'mene John Cleese anali mwini hotela waukali ndi wamwano. Zigawo zace zinali 12 cabe, mu 1975 ndi 1979. Ngakhale ilo, cigawo cace cimodzi cinayamba cacotsedwa kwa masiku ocepa mu 2020 cifukwa ca mau onyoza mitundu ina.