Ndege yankhondo ya pakompyuta: kodi imauluka ngati yeniyeni?

M'chaka cha 2019, bwalo la milandu m'chigawo cha Utah ku America lidagamula mzika ina ya ku Russia kuti ikhale m'ndende chaka chimodzi ndi tsiku limodzi. Mkuluyu sadabe ndege kapena mzinga. Mlandu wake udali wogula mabuku ofotokoza kayendetsedwe ka ndege yankhondo ya F-16 kudzera pa eBay ndi kuwatulutsa m'dziko la America popanda chilolezo. Iye ankagwira ntchito ku Eagle Dynamics, kampani yomwe imapanga DCS World, amodzi mwa masewera a pakompyuta otchuka kwambiri oyerekezera nkhondo ya mumlengalenga. Kampaniyo idati wantchitoyo adachita izi payekha.

Wina angadabwe kuti mapepala chabe angapereke bwanji munthu kundende. Yankho lake lili pa chinthu chomwe osewera masewerawa amakanganirana usana ndi usiku: kodi ndege yomwe ikuoneka pagalasi la kompyuta ikuuluka monga momwe yeniyeni imaulukira?

Maonekedwe a ndege si nkhani yaikulu. Kujambula mapiko, utoto ndi mabatani onse a m'chipinda cha woyendetsa n'kotheka pongoyang'ana zithunzi. Chovuta ndi masamu obisika amene akatswiri amawatcha flight model. Kambirimbiri pa sekondi iliyonse, kompyuta imawerengetsa mphamvu zinayi: kunyamula kwa mapiko, kulemera kwa ndege, kukankha kwa injini ndi kukaniza kwa mpweya. Ikatero imapeza komwe ndegeyo iyenera kukhala pa kamphindi kotsatira, ndi mbali yomwe mphuno yake yaloza.

Aliyense amene adatulutsapo dzanja pazenera la galimoto yothamanga akuidziwa kale mfundo yaikulu. Chikhatho chikapendekeka pang'ono, mphepo imachikweza. Chikapendekeka mopitirira, mphepo imasiya kuchinyamula n'kuyamba kungochikankhira kumbuyo. Phiko la ndege limachitanso chimodzimodzi, ndipo masamu abwino amayenera kudziwa malire amenewo pa liwiro lililonse ndi pa mtunda uliwonse kuchokera pansi, poti mpweya wa m'mwamba ndi wopepuka. Amayeneranso kukumbukira kuti mafuta akamatha ndege imapepuka, ndipo bomba likachoka kuphiko limodzi, ndege imafuna kugwera kumene kwatsala katundu.

Opanga masewera amatsata njira ziwiri. Ena amadyetsa kompyuta mindandanda ya manambala omwe adapimidwa pa ndege yeniyeni, ndipo kompyutayo imangoyang'ana pamndandanda. Ena amagawa ndege m'tizigawo ting'onoting'ono n'kuwerengetsa momwe mpweya ukukhudzira kalikonse, njira yomwe Austin Meyer adatchuka nayo pa X-Plane. Masewera ankhondo a masiku ano kawirikawiri amasakaniza zonse ziwiri. Eagle Dynamics imachita kuika ndege zake m'magulu: za masamu osavuta imazitcha SFM, ndipo zomwe idazigwirira ntchito mozama imazitcha PFM. Koma njira iliyonse imafuna manambala oona oyerekezera nawo, ndipo apa ndi pomwe pagona nkhani.

F-16 ndi ndege yamwayi pankhaniyi. Idauluka koyamba mu 1974, ndipo idapangidwa dala kuti ikhale yosakhazikika mumlengalenga n'cholinga choti izikhota msanga. Munthu payekha sangaigwire. Woyendetsa akakankha chiwongolero, uthenga umapita kaye ku kompyuta ya m'ndegemo, yomwe imasankha momwe zipsepse za kumapiko ndi kumchira zisunthire. Kompyutayo imakananso kuti phiko lipendekeke kupitirira madigiri pafupifupi 25 poyang'anizana ndi mphepo. Choncho wofuna kuyerekezera F-16 ali ndi ntchito ziwiri: kutsanzira thupi la ndege komanso kutsanzira maganizo a kompyuta yake.

Mu 1979, bungwe la NASA lidasindikiza lipoti lotchedwa Technical Paper 1538, momwe mudali manambala ochokera ku malo ake a kafukufuku a Langley. Kumeneko akatswiri adaika kachifanizo ka F-16 mumpita wopemereramo mphepo yamphamvu n'kupima momwe kakuchitira kakapendekeka mpaka madigiri 90. Lipotilo ndi lapoyera, ndipo lakhala nkhokwe ya ophunzira a m'mayunivesite ndi opanga masewera omwe. Gemu ya Falcon 4.0, yomwe MicroProse idatulutsa mu 1998, idakapeza moyo wachiwiri pamene malamulo ake amkati adatayikira pa intaneti mu 2000. Gulu la anthu ongodzipereka lotchedwa Benchmark Sims lidaikonzanso pogwiritsa ntchito manambala a NASA aja, ndipo Falcon BMS ikuseweredwa mpaka lero.

Zotsatira zake n'zochititsa chidwi. F-16 yeniyeni ili ndi msampha wake: woyendetsa akaikweza mphuno mosasamala liwiro litachepa, imatha kukakamira ili chopendekeka pa madigiri pafupifupi 60, n'kumagwa ngati tsamba, chiwongolero chosamveka. Kuti aipulumutse, woyendetsa amakanikiza batani lolanda mphamvu kwa kompyuta n'kuyamba kugwedeza mphuno m'mwamba ndi pansi mpaka italoza pansi. Mu Falcon BMS msamphawo ulimo, ndipo njira yotulukiramo ndi yomweyo. Gemu ikafika potengera ngakhale zilema za ndege, ndiye kuti ntchito idagwiridwadi.

Komabe manambala a NASA aja ndi a liwiro lochepa, losafika pa liwiro la phokoso. Kupitirira apo, opanga masewera amadalira mabuku a oyendetsa ndege omwe boma lidalola kuti aonedwe, mapulogalamu oyerekezera kayendedwe ka mpweya, ndi zomwe oyendetsa ndege opuma pantchito akukumbukira. Chikumbumtima cha munthu n'chothandiza, koma si sikelo. Ndege ikakhala yatsopano, mpata wongoganizira umakula. Za F-35 kapena Su-57, zambiri zofunika zili m'makabati okhoma, ndipo gemu iliyonse yomwe ili ndi ndege zotere ikupereka maganizo a akatswiri ake, osati choonadi chopimidwa.

Osewera ena sapirira nazo zimenezi. Kuyambira m'zaka za m'ma 1960, pamene John Boyd wa gulu lankhondo la mumlengalenga la America adakonza njira yofananizira ndege poona momwe zimasungira ndi kutayira liwiro pokhota, luso la ndege yankhondo limalembedwa pa matchati. Osewera amatenga tchati yotere, n'kuulutsa ndege ya mu gemu pa mtunda ndi kulemera komweko, n'kuwerenga madigiri omwe yakhota pa sekondi. Ikaperewera ndi digiri imodzi yokha, mkangano wabuka, poti pa nkhondo ya ndege ziwiri zozungulirana digiri imodziyo ndiyo imasiyanitsa wothamangitsa ndi wothamangitsidwa. Pa War Thunder, gemu ya kampani ya Gaijin, mikangano yotere yafikitsa anthu potulutsa zikalata zoletsedwa pofuna kupambana mtsutso: za kasinja wa Challenger 2 mu 2021, za F-16 ndi F-15E mu 2023. Kampaniyo imazifufuta n'kukana kuzigwiritsa ntchito, choncho wozitulutsayo amangodziika m'mavuto pachabe.

Palinso malire ena omwe chikalata chilichonse sichingawachotse, ndiwo thupi la munthu. F-16 ikakhota mwamphamvu zake zonse, woyendetsa amamva kulemera kowirikiza kasanu ndi kanayi. Munthu wa makilogalamu 70 amakanikizidwa pampando ngati akulemera makilogalamu 630. Magazi amathawira kumiyendo, maso amachita mdima, ndipo akapanda kulimbitsa minofu ndi kupuma mwa njira yomwe adaphunzitsidwa, amakomoka. Gemu imangodetsa galasi, wosewera ali phee pampando, kapu ya tiyi pambali. N'chifukwa chake amakhota mwankhanza kwa mphindi zambiri, zomwe woyendetsa weniweni sangazipirire. Ndiponso saopa imfa, ndipo munthu wosaopa imfa amamenya nkhondo mosiyana ndi amene akufuna kubwerera kwawo madzulo.

Asilikali enieni amawadziwa malirewa, koma sadawataye masewerawa. DCS: A-10C Warthog idachokera ku pulogalamu yomwe Eagle Dynamics idapangira gulu la Air National Guard la ku America, pamene oyendetsa ndege ake ankasamuka kuchoka pa A-10A kupita pa A-10C. Chomwe ankafuna kwenikweni si kumva kukoka kwa ndege, koma kuzolowera mabatani, ndondomeko yoyatsira injini ndi kagwiritsidwe ntchito ka zida, kuti ola lodula la mumlengalenga lisathere pofunafuna batani. Zokhudza momwe ndege imanjenjemerera ikatsala pang'ono kutaya mphepo, ndi momwe khosi limawawira poyang'ana mdani kumbuyo, amakaziphunzirabe m'ndege yeniyeni.