Kodi mumadziwa? Thanki ya nsomba za m'nyanja yamchere imafuna madzi opanda mchere

Kodi mumadziwa kuti oweta nsomba za m'nyanja yamchere m'mathanki agalasi sawonjezeramo madzi amchere madzi akaphwera? Chimene chimauluka ndi nthunzi yokha, mchere umatsala momwemo. Kuthiramo amchere ena n'kukweza mcherewo kupitirira magalamu 35 pa lita, womwe ndi mlingo wa m'nyanja. Ndiye amathiramo madzi osefedwa ndi makina a reverse osmosis.

Bwanji osangotunga pampopi? Madzi apampopi amakhala ndi klorini, ndipo nthawi zambiri mumapezekanso fosifeti, nayitireti ndi silika. Zitatu zomalizazi ndi feteleza weniweni wa ndere: pakangotha masabata ochepa mchenga woyera uja wachita dzimbiri, galasi lili bii, mwini thanki ali kalikiliki kupala. Koma woopsa zedi ndi kopa wochokera m'mapaipi. Wochepa chabe amapha makorali ndi nkhanu, nsomba zikusambira bwinobwino.

Kodi mumadziwa kuti mtima wa makinawa ndi kachikopa kopyapyala? Madzi amakankhidwa mwamphamvu kudutsa pamenepo, ndipo 95 mpaka 99 peresenti ya zosungunukamo zimatsalira. Kachikopaka sikamvana ndi klorini, n'chifukwa chake sefa ya makala imakhala patsogolo. Okonda makorali amawonjezeranso sefa ina yotchedwa DI mpaka kachipangizo koyezera zosungunuka m'madzi (TDS) kaonetse 0.

Vuto lake ndi kusakaza. Makina ambiri apakhomo amataya malita 3 kapena 4 kuti apereke lita imodzi yoyera. Kumwaza madzi otere m'ngalande, maluwa akufota panja, n'kupanda nzeru.

Nanga mumadziwa kuti Jean-Antoine Nollet wa ku France anaona osmosis mu 1748 pogwiritsa ntchito chikhodzodzo cha nkhumba? Kachikopa kodalirika anadzakapanga ndi Sidney Loeb ndi Srinivasa Sourirajan ku yunivesite ya UCLA, ndipo mu 1965 tauni ya Coalinga ku California inayamba kumwa madzi osefedwa motere.

Posakaniza madzi atsopano amchere a m'thanki, mchere ndiye umathiridwa m'madzi pang'onopang'ono uku mukutakasa. Mukathira madzi pamulu wa mchere, kasiyamu amaundana, madzi n'kuchita mbuu.

Koma musaike mbuna za m'Nyanja ya Malawi m'madzi osefedwa okhaokha. Izo zinazolowera madzi a pH pafupifupi 8, moti oziweta ku Germany ndi ku America akasefa madzi motere amayamba abwezeramo michere ya m'miyala asanaikemo nsomba.