Azamba Tikuwaphunzitsa Zotani, Ndipo N'chifukwa Chiyani?

Ndine namwino wa za uchembere pa chipatala cha pa msasa pano, ndipo ndili m'gulu lomwe likuphunzitsa azamba. Mphekesera ziwiri zandipeza. Ena akuti popeza azamba aphunzira, palibenso chifukwa chokachirira kuchipatala. Ena akuti tikulemba mayina a azamba pofuna kuwalanda ntchito. Zonsezi si zoona, choncho ndifotokoze bwino.

Ambiri mwa ife tinabadwira m'manja mwa azamba, ndipo amayi ena pano anathandizidwa ndi iwo ali pa ulendo wothawa kwawo. Mayi amaululira mzamba zinthu zimene sangauze namwino wachilendo. Boma la Malawi linaletsa azamba kubereketsa mu 2007, koma ambiri anapitiriza mobisa, ndipo mu 2010 Pulezidenti Bingu wa Mutharika anachotsa chiletsocho. Phunziro lake n'lakuti kuthamangitsa azamba sikuthetsa vuto. Chothandiza ndi kugwira nawo ntchito.

Komabe pali zinthu zimene mzamba sangathe, ngakhale akhale waluso chotani. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linapeza kuti mu 2020 amayi pafupifupi 287,000 anamwalira pa zifukwa za uchembere, ndipo 70 mwa 100 alionse anali a m'mayiko a kum'mwera kwa chipululu cha Sahara. Chimene chimapha ambiri ndi kutaya magazi akangochira. Mayi akataya magazi okwana theka la lita ndiye kuti ali pangozi, ndipo akhoza kumwalira m'maola awiri okha. Chomupulumutsa ndi jakisoni wa oxytocin, diripi, mwinanso kuikidwa magazi. Mwana akapingasa m'mimba pamafunika opaleshoni. Zimenezi kunyumba kulibe.

N'chifukwa chake ntchito yoyamba imene tikupatsa azamba ndi kupeza amayi oyembekezera msanga n'kuwabweretsa ku sikelo. Kuyambira 2016, WHO imalangiza kuti mayi aonedwe kasanu ndi katatu, ulendo woyamba pakati pasanapitirire miyezi itatu. Ku sikelo timayeza kuthamanga kwa magazi ndi HIV, timabaya katemera wa kafumbata, timapereka mapiritsi owonjezera magazi, ndiponso Fansidar woteteza ku malungo nthawi yake ikakwana.

Yachiwiri ndi kudziwa zizindikiro zoopsa: kutaya magazi ali ndi pakati, mutu waukulu ndi kuona zachizimezime, kutupa nkhope ndi manja, kukomoka, kutentha thupi, nsupa kusweka matenda asanayambe, mwana kusiya kusewera m'mimba, kapena matenda kupitirira maola 12. Mzamba akaona chimodzi mwa izi sadikira kuti kuche. Anyamuke ndi mayiyo nthawi yomweyo. Tagwirizananso kuti mankhwala achikuda ofulumizitsa matenda, monga mwanamphepo, asaperekedwe. Mphamvu yake siyezeka, ndipo chiberekero chikakungika mopitirira muyeso chimang'ambika, mwananso amabanika.

Yachitatu ndi kuperekeza. Matenda akayamba, mzamba abwere ndi mayi kuchipatala ndipo akhale naye pafupi, kumulimbitsa mtima ndi kutimasulira ngati chilankhulo chavuta. Sitidzamubweza pakhomo.

Nthawi zina mwana amabwera mofulumira, usiku kapena panjira. Pa zoterezi tikuphunzitsa ukhondo: kusamba m'manja ndi sopo, kuvala magolovesi, kuyala pepala lapulasitiki loyera, kumanga mchombo ndi ulusi woyera n'kudula ndi lezala latsopano. Pamchombo pasapakidwe phulusa, dothi, ndowe kapena mafuta, chifukwa ndi momwe kafumbata amalowera. Nsengwa isakokedwe. Mwana apukutidwe msanga, agonekedwe pachifuwa cha mayi khungu kukhudzana ndi khungu, afundidwe ndi kumutu komwe, ndipo ayamwe ola loyamba lisanathe. Mkaka woyamba wachikasu uja si woipa, umamuteteza ku matenda. Kumusambitsa kudikire maola 24. Zikatero mayi ndi mwana abwere kuchipatala tsiku lomwelo, ngakhale onse akuoneka bwino. Palibe amene adzawakalipire.

Yachinayi ndi kuyendera makanda. Mwa ana amene amamwalira m'mwezi woyamba, atatu mwa anayi alionse amamwalira sabata yoyamba. Mzamba aziona ngati mwana akuyamwa, ngati akupuma mofulumira kapena movutikira, ngati thupi latentha kapena lazizira, ngati mchombo wafiira kapena ukutuluka mafinya, ngati maso ndi zikhato zachita chikasu. Mwana wobadwa wosakwana makilogalamu 2.5 amafunika kumangiriridwa pachifuwa usana ndi usiku, njira ija timati ya kangaroo, ndipo abambo ndi agogo akhoza kulandirana ndi mayi. Mzamba aonenso mayi: kutaya magazi ambiri, kutentha thupi kapena kutuluka zonunkha ndi zizindikiro zoti abwerere kuchipatala.

Tsopano pempho langa kwa inu. Abambo ndi apongozi, gwirizanani lero, pakati pasanakhwime, kuti tsikulo likadzafika mudzayenda bwanji ndipo ana otsala adzakhala ndi ndani. Mayi asadzadikire chilolezo cha munthu amene wachoka. Mzamba akanena kuti tiyeni kuchipatala, musamuyese wolephera, wachita zimene anaphunzira. Amayi, sungani nsalu zochapa bwino, kachipewa ka mwana ndi buku lanu la sikelo pamalo amodzi kuyambira mwezi wachisanu ndi chiwiri.

Ngati ndinu mzamba ndipo simunalembetse, bwerani mudzandipeze ku chipinda cha sikelo kapena uzani mtsogoleri wa dera lanu. Maphunziro ndi aulere, ndipo kusadziwa kulemba ndi kuwerenga si choletsa, chifukwa timaphunzira ndi zithunzi ndi zidole.