Gavana wa Pamtsinje wa Shire

Pa Nkula, Tedzani ndi Kapichira, madzi a mu Shire amazunguza makina opanga magetsi, ndipo magetsiwo ayenera kugunda ka 50 pa sekondi iliyonse. Madzulo anthu akayatsa mastovu ndi mababu, jenereta imalemedwa n'kuyamba kufooka. Chipangizo chomwe mainjiniya amachitcha gavana chimamva msanga, chimawonjezera madzi, kenaka chimayezanso liwiro. Sichipuma usana ndi usiku.

Chovuta n'chakuti wokonza gavana sadziwa bwinobwino zomwe adzakumane nazo. Madzi amakwera ndi kutsika malinga ndi mvula. Namasupuni ndi zinyalala zimatseka sefa. Zitsulo zimatha ndi zaka. Ndiye pali khalidwe lina la madzi lomwe limandichititsa chidwi: mukatsegula geti lolowetsa madzi mwadzidzidzi, mphamvu imayamba yatsika kaye, chifukwa madzi odzaza m'paipi yaitali amatenga nthawi kuti athamange. Gavana wopupuluma akaona kutsikako amatsegula mopyola muyeso, mphamvu imalumpha, iye n'kutsekanso mopyola, mpaka makina onse kumangopita uku ndi uku ngati wanjinga amene wasenza matumba a makala osadziwa kulemera kwake. James Clerk Maxwell anafotokoza kugwedezeka kotere m'masamu mu 1868.

Mu 1978, John Doyle wa ku America anaonetsa kuti njira ina yowongolera makina yomwe akatswiri ankaitama kuti ndi yopambana ikhoza kulephera makina akangosiyana pang'ono chabe ndi zomwe zili papepala. Chaka chomwecho Vladimir Kharitonov wa ku Russia anapeza chinthu chokoma zedi. Ngati nambala iliyonse ya m'masamu a makinawo ikudziwika kuti ili pakati pa malire awiri, wapansi ndi wapamwamba, simufunika kuyesa zonse zosawerengeka za pakatipo. Mumayesa zinayi zokha zosankhidwa bwino. Zinayizo zikakhazikika, zonse zakhazikika.

Kulimba kotere kuli ndi mtengo wake. Gavana woganizira tsiku loipa amachedwerapo pa tsiku labwino. Ine ndimasankha wochedwayo, chifukwa mzinda wonse sungadalire makina ochita bwino pokhapokha madzi ali pa mulingo umodzi. N'chifukwa chake asanapereke jenereta yatsopano, mainjiniya amaidula dala kunthambo ikugwira ntchito, n'kuyang'anitsitsa kuti liwiro lilumpha kufika pati, ndipo litenga masekondi angati kuti likhazikike.