Kodi mumadziwa? Mkango wa ku Mfuwe uli ku Chicago

Msewu wochoka pa Katete kudzera ku Msoro umatsikira kuchigwa cha Luangwa, m'boma la Mambwe. Kumeneko ndi kumene mu 1991 mkango umodzi unasowetsa anthu tulo. M'miyezi yochepa chabe unapha anthu 6 m'midzi yozungulira Mfuwe, kufupi ndi paki ya South Luangwa.

Unali waumuna, wamphamvu, wotalika mamita opitirira 3, koma unalibe manyenje a m'khosi. N'chifukwa chake poyamba alenje ankalondola mikango yaikazi, chilombo chenichenicho chikupitiriza kulusa.

Chomwe chinaopsa anthu kwambiri ndi ichi: utagwira munthu womaliza, mkangowo unalowa m'nyumba mwake dzuwa likuswa mtengo, n'kutulukamo ndi thumba la zovala kukamwa, uku ukubangula pakati pa mudzi. Patapita masiku anthu ankauonabe ukusewera ndi thumbalo. Ambiri anati si mkango wamba, ndi wokawa kapena wotumidwa ndi mfiti, ndipo ndani angawadzudzule ataona zotere ndi maso?

Mlenje wa ku California, Wayne Hosek, ndiye anauwombera chaka chomwecho. Lero uli mu Field Museum ku Chicago. Akatswiri atapima chibade chake anapeza kuti chibwano chinali chovulala kwambiri, zomwe mwina zinaulepheretsa kugwira njati n'kuyamba kuzembera anthu.

Masiku ano munthu akaona mapazi a mkango kapena kambuku pafupi ndi khola, amadziwitsa a Department of National Parks and Wildlife.